Kupanga chifanizo cha chifu, matumbo ndi mtsempha wa vagus ku Kasungu: momwe ntchito inayendera

Ndimaphunzitsa bayoloje pa sekondale ina yoyendera pafupi ndi boma la Kasungu. Azakhali anga akhala akumwa mankhwala a shuga a metformin kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mwana wawo amene ali ku Johannesburg anawauza pa foni kuti kuli opaleshoni yochepetsa chifu imene imathetsa matenda a shuga. Atandifunsa ngati zimenezo n'zoona, ndinajambula pansi ndi kamtengo mpaka dzuwa kulowa, koma m'malo mokhutira iwo anakauza anzawo a gulu la odwala shuga kuti mwana wa mchimwene wawo adzafotokoza zonse pa 14 Novembala, tsiku lokumbukira matendawa pa dziko lonse. Ndinaganiza zopanga chinthu chogwirika ndi manja, ndipo zolemba izi ndi za aphunzitsi anzanga amene angafune kupanga chawo popanda kubwereza zolakwa zanga.

14 Seputembala: zogula zoyamba

Ndikufuna bolodi lokhala ndi m'mero, chifu, matumbo aang'ono, chiwindi ndi ubongo, loti madzi azidutsa m'kati mwake, komanso loti polumikizira pazimasulika kuti ndionetse maopaleshoni atatu. Yoyamba ndi imene amachotsa pafupifupi magawo 80 pa 100 a chifu n'kusiya kathumba kopapatiza kooneka ngati nthochi. Yachiwiri ndi Roux-en-Y, imene amasiya kathumba kolowa mamililita pafupifupi 30, ndiye kuti supuni zazikulu ziwiri, n'kukalumikiza ku chigawo chachiwiri cha matumbo chotchedwa jejunum, kulambalala chifu chotsalacho pamodzi ndi chigawo choyamba, duodenum. Yachitatu ndi imene inayesedwa pa makoswe, yolambalala duodenum koma osachepetsa chifu.

Theka la pulayiwudi ndagula K18,000. Machubu akale anayi, atatu a njinga yakapalasa ndi chimodzi cha njinga yamoto, ndawapeza kwa bambo wina wokonza njinga za akabaza pa K2,500. Paipi yoonekera m'kati, ija amisiri omanga amayezera levulo, ndagula mamita 6 pa K7,500 chifukwa matumbo aang'ono a munthu wamkulu amatalika pafupifupi choncho. Misomali ndi penti pang'ono zatha K3,000. Nditafika kunyumba ndaona kuti mamita 6 sangakwane pa bolodi popanda kupindika mpaka madzi kuleka kuyenda, choncho ndigwiritsa ntchito mamita awiri okha, ndipo ina yotsalayo ndidzaitambasula pansi kuti anthu aone kutalika kwenikweni.

21 Seputembala: chifu cha mbuzi ndi chifu cha nkhumba

Sindinafune kujambula maonekedwe a chifu kuchokera m'buku lokha, ndiye ndinatuma mphwanga ku msika ndi K6,000 kuti akagule chifu chathunthu chokhala ndi m'mero wake. Kulakwa kunali kwanga chifukwa sindinatchule nyama. Anabwera ndi zam'kati za mbuzi, ndipo mbuzi imabzikula, chifu chake chili ndi zigawo zinayi, zosafanana ngakhale pang'ono ndi cha munthu. Zinathera mu mphika.

M'mawa wa lero ndapita ndekha kumene amapha nkhumba, ndipo ndalipira K4,500 n'kupempha kuti asadule m'mero pafupi ndi chifu monga amachitira nthawi zonse. Nkhumba ili ndi chifu chimodzi ngati ife. Nditachitsuka n'kuchiyala pa pepala la thumba la simenti, ndinakoka pang'onopang'ono kakhungu kophimba m'mero, ndipo ndinaona timaulusi tiwiri toyera, tolimba ngati ulusi wosokera matumba, kamodzi kotsika kutsogolo ndi kena kumbuyo, tikugawika timanthambi pofika pa chifu. Umenewo ndiwo mtsempha wa vagus, wonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo za m'mimba. Wopha nkhumbayo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, zimene mukusamala chonchizi ife timangotayira agalu." Ndajambula malire a chifucho ndi makala pa pepala lomwelo. Pofika masana ntchentche zinali zitadzaza, ndipo ndatsimikiza kuti nyama yeniyeni siyenera kupita ku msonkhano, makamaka poti m'gululo muli anthu amene sakhudza nkhumba.

28 Seputembala: kudontha

Chifu ndachidula kuchokera ku chubu cha njinga yamoto potsatira chojambula chija. Guluu wa nsapato amene ndinali naye kunyumba sanagwire, ndipo nditathira madzi koyamba anatulukira m'mbali monse. Ndinabwerera kwa wokonza njinga uja, amene anandionetsa kuti mphira uyenera kupalidwa kaye ndi sandipepa mpaka utachita gwaa, kupakidwa soloshoni mbali zonse ziwiri, kenako kudikira kuti uume usanaphatikizidwe. Ine ndinkaphatikiza ukadali wonyowa. Soloshoni, zigamba ndi ntchito yake zatha K3,500. Polumikizira paipi ndagwiritsa ntchito zikhokho za mabolopeni otha inki, zomangidwa ndi malegeni odulidwa ku machubu otsala, ndipo zimenezi sizinadye ndalama.

5 Okutobala: bolodi likuyenda koma likuphunzitsa zolakwika

Ndaliyesa pamaso pa ophunzira a Fomu 4. Madzi ayenda bwino kuchokera ku fanelo ya pamwamba mpaka mu beseni la pansi, ndipo maopaleshoni onse atatu atheka m'mphindi zochepa. Nditafunsa chifukwa chimene shuga amatsikira, kalasi yonse inayankha chimodzimodzi: chifu chachepa, munthu akudya pang'ono, akuonda, shuga akutsika. Sindinawadzudzule, pakuti bolodi langa silinkaonetsa china chilichonse kupatula kukula ndi kuchepa kwa thumba.

Vuto ndi lakuti zimene ofufuza anapeza sizithera pamenepo. Mu 1995 dokotala Walter Pories wa ku East Carolina University ku America anafalitsa zotsatira za odwala 608 amene anachitidwa opaleshoni yolambalala chifu, ndipo mwa anthu 146 amene anali ndi shuga wa mtundu wachiwiri n'kutsatiridwa mokwanira, 121 shuga wawo anabwerera m'malo mwake. Chodabwitsa chinali chakuti kwa ambiri shuga ankatsika m'masiku ochepa chabe, thupi lisanayambe kuchepa mooneka. Kuti alekanitse kuonda ndi njira ya chakudya, Francesco Rubino ndi Jacques Marescaux ku Strasbourg anagwiritsa ntchito makoswe a mtundu wa Goto-Kakizaki, amene anaswanitsidwa ku Sendai ku Japan m'zaka za m'ma 1970 posankha mobwerezabwereza makoswe a shuga wokwera. Makoswe amenewa amadwala shuga koma sanenepa. Mu 2004 awiriwa anaonetsa kuti kulambalala duodenum, chifu chili chathunthu, kunatsitsa shuga, pamene makoswe amene anangochepetseredwa chakudya sanapindule mofanana.

Kafukufuku wa Rubino wa mu 2006 ndi amene wandipatsa njira yokonzera bolodi. Makoswe ena anawapangira njira yachidule kuchokera ku chifu kupita ku jejunum koma njira yakale ya duodenum anaisiya yotsegula, ndipo shuga wawo sanasinthe. Atawachitanso opaleshoni n'kutseka njira yakaleyo, shuga anatsika, ndipo makoswe amene anali atachira atawabwezera njira ya duodenum vuto linabwerera. Ndawonjezera kapaipi kachidule kuchokera pa chifu, ndipo pa duodenum ndaika chubu chofewa cha njinga m'malo mwa paipi yolimba kuti pegi yoyanikira zovala izitha kuchitsina. Pegi ikatsina, duodenum yalambalalidwa. Ikachoka, njira yabwerera. Pa zonse zimene zili pa bolodili, pegi yobwereka pa chingwe cha amayi a kunyumba ndiyo imene ikufotokoza kwambiri.

12 Okutobala: mtsempha, ulusi ndi mababu opsa

Poyamba ndinaonetsa vagus ndi ulusi wolukira majuzi wa K1,500, womata kuchokera ku ubongo kutsika ndi m'mero. Nditafunsa kuti m'menemo mumadutsa chiyani, theka la kalasi linati magazi. Mawu athu akuti mtsempha amatchula zonse ziwiri, njira ya magazi ndi njira ya mauthenga, ndipo ulusi wongogona pa bolodi sunathandize kusiyanitsa. Ndaganiza zogwiritsa ntchito mawaya ndi timababu, chifukwa uthenga wa mu mtsempha woterewu umayendadi ngati mphamvu ya magetsi, ndipo munthu aliyense amamvetsa kuti waya akaduka babu limazima.

Vagus ndi wa nambala 10 mwa mapeya 12 a mitsempha yochokera mwachindunji ku ubongo, ndipo pafupifupi magawo 80 pa 100 a timaulusi take timanyamula mauthenga okwera kuchokera ku ziwalo kupita ku ubongo, osati otsika. Ineyo ndakhala ndikuujambula pa bolodi la m'kalasi ndi muvi woloza pansi kwa zaka zambiri. Ndamanga mtolo wa mawaya khumi, asanu ndi atatu achikasu okwera ndi awiri obiriwira otsika, ngakhale kuti olumikizidwa ku batire ndi awiri okha.

Mawaya ndi timababu ta LED zatha K5,000. Chifukwa cha changu ndinalumikiza timababu titatu ku batire ya sola ya mavolti 12, ndipo tinawala kamodzi n'kupseratu. Mnyamata wokonza mafoni pa msika anandigulitsa maresisita, tizipangizo tochepetsa mphamvu ya magetsi, a K1,000 n'kundilangiza kuti ndisiye batire yaikuluyo ndigwiritse ntchito mabatire a tochi, amene ndagula K2,400. Amene akupanga chake agule timababu towonjezera, ndipo akumbukire kuti LED imayaka pokhapokha mwendo wake wautali ukakhala ku mbali ya pulasi. Ndinataya ola lathunthu ndikuganiza kuti lina lapsanso pamene ndinangolitembenuza.

19 Okutobala: njira ya matumbo, ubongo ndi chiwindi

Anthu ambiri odwala shuga amadabwa kuti shuga amakwera m'mawa pamene usiku wonse sanadye kanthu. Chiwindi ndicho chimatulutsa shuga m'magazi munthu akakhala osadya, ndipo mwa odwala shuga wa mtundu wachiwiri chimatulutsa mopitirira. Chiwindi changa ndi kachigubu kokhala ndi mpopi ka K4,000, kodzaza madzi ofiira a chidede cha K1,000, amene amadontha mu kapu yolembedwa kuti magazi.

Ndinalumikiza siwichi ya pa duodenum molunjika ku babu la pa chiwindi, ndipo ndinayenera kumasula zonse nditabwereranso ku zimene gulu la ofufuza la Tony Lam ku Toronto linafalitsa mu 2008. Iwo ankathira mafuta pang'onopang'ono mu duodenum ya makoswe ndipo chiwindi chinkachepetsa shuga amene chimatulutsa, koma uthengawo sunkadumpha kuchokera ku matumbo kupita ku chiwindi ngakhale ziwalozi n'zoyandikana. Unkakwera ndi vagus mpaka ku tsinde la ubongo, n'kutsikanso ndi nthambi ya vagus yopita ku chiwindi. Anatsimikiza zimenezi poudula pamalo osiyanasiyana: atathira mankhwala ochititsa dzanzi a tetracaine m'matumbo, atadula vagus m'munsi mwa chifuwa, atatseka ndi mankhwala malo olandirira uthengawo mu ubongo, komanso atadula nthambi ya ku chiwindi yokha. Paliponse pamene anadula, chiwindi chinaleka kumvera.

Ndakonzanso mawaya kuti akhale mzere umodzi wodutsa ku ubongo, wokhala ndi malo anayi omasula, ndipo pa malo alionse ndaika mapini awiri a zovala okolana, onse K600. Chipangizo chotseka mpopi ndi magetsi sindingachikwanitse, choncho wophunzira mmodzi aziima pambali n'kumachepetsa mpopi babu la pa chiwindi likayaka, n'kumautsegula likazima. Zimenezi zakhala bwino kuposa makina, chifukwa anzake amamukuwiza akachedwa ndipo onse amakhala akuyang'ana babulo.

Ndawonjezera siwichi yachiwiri pa jejunum. Mu 2012 gulu lomwelo linaonetsa kuti makoswe a shuga wosalamulirika, amene maselo awo opanga insulini, homoni yotsitsa shuga m'magazi, anali ataonongeka, atawachita opaleshoni yolambalala duodenum shuga wawo anatsika m'masiku awiri, popanda insulini kukwera kapena thupi kusintha, ndipo zimenezi zinkadalira kuti jejunum izindikire chakudya chimene tsopano chikufikako mofulumira. Mu 2015 anapezanso kuti metformin, yemweyo amene azakhali amamwa m'mawa ndi madzulo, akathiridwa mu duodenum ya makoswe amachepetsa shuga wa ku chiwindi kudzera mu njira yomweyi ya mitsempha. Ndamata paketi yopanda kanthu ya mankhwalawa pafupi ndi siwichi yoyamba.

26 Okutobala: kutentha ndi nyerere

Bolodi linagona pakhonde la malata sabata yonse ndipo kutentha kwa Okutobala kwafewetsa malegeni, moti polumikizira pawiri pavuka. Ndamangapo waya wofewa wa K2,000. Ndinathiranso shuga weniweni m'madzi a chidede kuti anthu adzalawe, ndipo nyerere zinalowa mpaka m'bokosi la mabatire. Shuga ndamuchotsa, mtundu wofiira ndi wokwanira, ndipo kupereka madzi otsekemera ku gulu la odwala shuga sikunali nzeru kuyambira pachiyambi.

2 Novembala: funso limene linagwetsa bolodi langa

Mnzanga amene amagwira ntchito ya zachipatala anabwera kudzaona. Anamasula pini imodzi, mababu onse anazima, ndipo anafunsa kuti, "Achimwene, ndiye mukufuna anthu apite kwawo akukhulupirira kuti mtsempha ukaduka opaleshoni yonse yapita pachabe?" Bolodi linkanenadi zimenezo, ndipo si zimene makoswe anaonetsa.

Gulu la Hans-Rudolf Berthoud ku Pennington Biomedical Research Center, mu mzinda wa Baton Rouge, linayesa zimenezi pa makoswe ochitidwa Roux-en-Y. Mu 2012 anadula nthambi ya vagus ya ku chiwindi, ndipo makoswewo anapitiriza kudya pang'ono ndi kuonda ngati anzawo. Mu 2014 anadula nthambi imene imapita ku matumbo, ndipo kuonda kunachepa koma sikunatheretu. Zimene ankayang'ana kwambiri ndi kadyedwe ndi kulemera kwa thupi, choncho sizikutsutsa zimene anapeza ku Toronto pa za shuga wa ku chiwindi, koma zikuonetsa kuti waya mmodzi sanyamula katundu yense.

Pali njira ina yodutsa m'magazi. Chakudya chikafika msanga ku matumbo a kumunsi, maselo a kumeneko amatulutsa mahomoni ambiri, makamaka GLP-1, amene amathandiza kuti insulini ituluke pa nthawi yake. Ndinkafuna kulemba dzina limeneli lokha pa waya watsopano, koma gulu la Randy Seeley ku Cincinnati linaonetsa mu 2013 kuti mbewa zopanda cholandirira GLP-1 zinapindulabe ndi opaleshoni yochepetsa chifu, pamene mu 2014 mbewa zopanda FXR, cholandirira ma asidi a mu ndulu, phindu lawo linachepa kwambiri pa kuonda ndi pa shuga pomwe. Choncho pa waya wofiira ndalembapo mahomoni ndi ndulu.

Waya wofiirayo ndi babu lachiwiri zatha K2,000. Tsopano chiwindi chili ndi mababu awiri, lililonse ndi njira yake. Munthu akamasula pini ya vagus limodzi limazima, lina limatsala, ndipo wa pa mpopi amatsegula theka lokha. Kunena zoona, bolodi la mababu ozima onse nthawi imodzi linali lochititsa chidwi kwambiri ndipo ophunzira analikonda, koma sindikanatha kuima nalo pamaso pa anthu odwala.

9 Novembala: kuwerengera ndalama

Mitambo yayamba kusonkhana, choncho ndagula pulasitiki yophimbira ya K2,500, ndipo ndapangana ndi wa kabaza kuti adzanyamule bolodi kupita ndi kubwera pa K3,500. Zonse pamodzi zakwana K70,500. Mwa ndalama zimenezi, za mbuzi, ulusi ndi timababu topsa zija zinatayika chabe, ndipo mamita anayi a paipi angathe kubwerekedwa kwa mmisiri m'malo mogula.

14 Novembala: pamaso pa gulu

Tinakumana pansi pa mtengo wa mango ndipo ndinatenga ophunzira awiri, mmodzi wa pa fanelo ndi wina wa pa mpopi. Gawo la pegi linamveka msanga, moti mayi wina anadzuka yekha kudzaitsina ndi kuichotsa kangapo. Gawo la mababu linavuta poyamba chifukwa kuwala kwa dzuwa kunkawaphimba, mpaka azakhali anavula chitenje chawo chapamwamba n'kupempha azimayi awiri kuti achigwire ngati mthunzi. Chimenechi sindinachiganizire, chifukwa nthawi zonse ndinkayesera m'kalasi.

Bambo wina wachikulire anafunsa ngati mbewa zimenezi ndi zomwe ana amakumba m'minda nthawi yokolola, ndipo anthu ataseka ndinafotokoza kuti ndi zowetedwa m'nyumba zofufuzira, zina zochotsedwa dala chibadwa chimodzi, ndiponso kuti khoswe amakhala zaka ziwiri kapena zitatu zokha pamene munthu amakhala ndi shuga zaka makumi. Gogo wina anafunsa mosapita m'mbali kuti, "Ndiye mwanawe, mapiritsiwa tisiye tidikire mpeniwo?" Ndinayankha kuti ayi, ndipo ndinawaonetsa paketi ya metformin ija pa bolodi. Ndinanenanso kuti ngakhale kuti kuyambira mu 2016 mabungwe akuluakulu a matenda a shuga anavomereza opaleshoniyi ngati chithandizo cha odwala ena onenepa kwambiri, wochitidwayo amamwa vitamini B12, ayironi ndi kashiamu moyo wake wonse, amafunika kuyezedwa magazi kawirikawiri, ndipo kwa ena shuga amabwereranso pakapita zaka.

Chakumapeto, pamene ndinkaonetsa Roux-en-Y kachitatu, chikhokho cha bolopeni cha pa kathumba ka chifu chinasweka ndipo madzi anathira pa nsapato za mayi amene anakhala kutsogolo. Zikhokhozo zauma ndi dzuwa ndipo sizipirira kumasulidwa kawirikawiri. Wokonza njinga uja wati mavavu akale a machubu, odulidwa ndi kuchotsedwa kam'kati, angagwire ntchito imeneyo, ndipo andisungira asanu ndi atatu. Ndiyeneranso kukhomera kadenga ka katoni pamwamba pa mababu a chiwindi ndi kusintha batire imodzi imene yayamba kutupa, bolodi lisanapite ku Fomu 3 sabata ya mawa.